Chingondo, Chisoti cha Anamwali a Achewa

 Lero tikambirana za chovala cha kumutu chimene sichigulidwa m'sitolo, ndipo mwini wake achivala kamodzi kokha pa moyo wake wonse. Dzina lake ndi chingondo.

Mitundu yambiri ya anthu ikometsa mutu. Angoni avina ngoma atavala nthenga za mbalame. Kutali ku Philippines, pa chisumbu cha Luzon, anthu otchedwa Gaddang asokerera mikanda pa zovala zao za kumutu. Koma Achewa anasankha dothi.

Inu amai amene munalowa chinamwali cha mkangali mudziwa bwino. Chinamwali chotere sichichitika paliponse ai, koma kwa mfumu yokhala ndi mzinda. Masiku a kutsimba atatsala pang'ono kutha, anamkungwi ndi aphungu atapa dothi naliumba kuti likhale bwino pamutu pa namwali. Kawirikawiri aumba chifanizo cha nyama, ndipo china chifanana ndi kasiyamaliro wa ku gule wamkulu. Atatha kuumba alembapo timadontho toyera, tofiira ndi takuda. Ntchito imeneyi ifuna dzanja lofatsa, pakuti chingondo chosakhazikika chingagwe pabwalo, namwali ndi phungu wake nachita manyazi pamaso pa mudzi wonse. Tsono mtsikanayo atuluka nacho navina, anthu namfupa, ndipo kuyambira tsikulo awerengedwa munthu wamkulu. Tanthauzo lake lenileni sitinena pa wailesi, popeza ndi la kutsimba, ndipo ana alikumvera.

Nanga bwanji ambiri a inu achinyamata simunachione? Chifukwa chimodzi ndi ichi: Amishoni a Dutch Reformed Church, amene anakhazika Nkhoma mu 1896 nafikanso ku Malingunde, analetsa Akristu kupita ku chinamwali cha kumudzi, naika chilangizo m'malo mwake. Ku chilangizo kulibe chingondo. China ndi chakuti dothi silikhalitsa monga mkanda. Mwambo ukatha sachisunga m'nyumba, kotero luso lake likhala m'manja mwa anamkungwi okha, ndipo mmodzi akamwalira osaphunzitsa mnzake, lapita naye.

Wofuna kudziwa zambiri za miyambo iyi apite ku Mua, m'boma la Dedza, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976. Koma ngati kwanu kuli agogo amene anabvala chingondo, yambani mwafunsa iwowo, mwaulemu, ndipo musawakakamize pa zimene akana kunena.