Ku California mmisiri akachedwa, chikole chimamupulumuka

Nkhani ya mmisiri womanga nyumba amene sanalipidwe si yachilendo kumudzi kuno. Malata akhomedwa, mwini nyumba walowamo kale, koma womanga akungouzidwa kuti adikire fodya agulitsidwe. Akatopa amakadandaula kwa amfumu, ena amaopseza kuti azula zitseko ndi mafelemu.

Ku America adakonza njira ina yomwe amaitcha mechanic's lien. Kontilakitala, mmisiri kapena wogulitsa simenti amene sanalandire zake amalembetsa ngongoleyo pa malo ndi nyumba imene wagwirapo ntchito. Nyumbayo imasanduka chikole: mwini wake amavutika kuigulitsa kapena kutengera ngongole ku banki, ndipo khoti likhoza kulamula kuti igulitsidwe. Lamuloli lidayambira ku Maryland mu 1791, pomwe ankafuna kukopa amisiri oti amange mzinda wa Washington, ndipo Thomas Jefferson ndi James Madison adali m'gulu la olilimbikitsa.

Koma chikolechi chimayenda ndi kalendala, ndipo boma lililonse lili ndi masiku akeake. Titenge California. Munthu amene sanagwirizane ntchito ndi mwini nyumba mwachindunji, monga wapulambala wolembedwa ndi kontilakitala wamkulu, ayenera kutumiza kalata yodziwitsa mwini malo pasanathe masiku 20 chiyambireni ntchito. Akaitumiza mochedwa, chikole chimangoteteza zimene wagwira kuyambira masiku 20 asanatumize kalatayo. Thukuta lam'mbuyo lonse limatsala panja.

Ntchito yomanga ikatha, pamakhala masiku 90 oti akalembetse chikole ku ofesi yosunga zikalata za malo. Apa mwini nyumba wochenjera amafupikitsa nthawi: akalembetsa chikalata chonena kuti ntchito yatha, kontilakitala wamkulu amatsala ndi masiku 60, ang'onoang'ono 30 okha. Ndiye mmisiri amene akungomvera "bwerani mawa" mwezi wonse amadzadzidzimuka khomo litatsekeka. Ngakhale ntchito itangoima yosatha, pakadutsa masiku 60 popanda wogwira, lamulo limaiona ngati yatha ndipo kuwerenga kumayamba.

Kulembetsa sikumaliza nkhani. Pasanathe masiku ena 90 ayenera kukasuma kukhoti, apo ayi chikolecho chimafa chokha. Ngongole imakhalapobe, koma aithamangitsa ngati wina aliyense wobwereketsa ndalama, nyumba ija isakumugwirira kanthu.

Ine ndimaona kuti masiku 30 ndi ochepa kwa munthu amene tsiku lonse ali pa sikafodi ndi chipande m'manja, alibe loya womuwerengera. Komabe mwini nyumba naye ali ndi pake podandaula. Akhoza kulipira kontilakitala wamkulu ndalama zonse, uyo n'kudya osapatsa wogulitsa matabwa, chikole n'kugwera pa nyumba ya munthu amene adalipira kale. N'chifukwa chake eni nyumba ambiri kumeneko sapereka ndalama yomaliza mpaka aliyense amene adatumiza kalata ija atasayina kuti walandira zake.