Khansa ya chithokomiro mwa ana: yoopsa pooneka, koma imachizika

Mwana akabwera kwa ine ndi chotupa pakhosi, ndimayamba ndamupatsa kapu ya madzi. Ndimamuuza kuti avumate, akweze chibwano pang'ono, kenako ameze ine ndikuyang'anitsitsa. Chotupa chikakwera pomezapo n'kutsikanso, ndimadziwa kuti chili pa chithokomiro, pakuti chithokomiro chinamatirira ku kholingo ndipo zimayendera limodzi. Mwanabere satero, amangokhala pomwe ali.

Mitima ikhale pansi kaye. Zotupa zambiri za m'khosi mwa ana kuno kwathu ndi anabere obwera ndi zilonda zakukhosi, dzino lobooka, zipere za m'mutu kapena TB. Khansa ya chithokomiro mwa ana ndi yosowa, moti wachipatala wa kumudzi akhoza kupuma pantchito asanaionepo. Komatu kusowako n'kumene kumaichedwetsa. Mwana amamaliza miyezi 6 ya mankhwala a TB, kumudzi amutemeranso mphini, chotupa chili chikhalire: cholimba, chosapweteka, chikukula mwakachetechete. Chosapwetekacho ndiye chimandidetsa nkhawa ine, ngakhale makolo amachiona ngati chabwinoko.

Nkhani yonse yagona pa ayodini. Ntchito ya chithokomiro ndi kutola ayodini m'magazi, yemwe uja timamupeza mu mchere wa m'mapaketi, n'kupangira homoni ya thyroxine imene imayendetsa kukula kwa thupi, ubongo ndi kugunda kwa mtima. Palibe chiwalo china chomwe chili ndi dyera la ayodini chotere. Vuto lake sichisankha. Ayodini wabwino ndi ayodini wotulutsa cheza choopsa cha nyukiliya, chimangomeza onse.

Dziko linaphunzira zimenezi mowawa. Pa 26 Epulo 1986, malo opangira magetsi a nyukiliya ku Chernobyl, m'dziko la Ukraine, anaphulika. Utsi wake unali ndi ayodini wotulutsa cheza uja, wotchedwa ayodini-131, amene anagwera pa msipu ku Ukraine, Belarus ndi mbali ina ya Russia. Ng'ombe zinadya msipuwo, ana n'kumwa mkaka. Ambiri mwa maderawo anali operewera kale ayodini m'zakudya, choncho zithokomiro za ana zinamulandira ndi manja awiri. Chapafupi pomwepo ku Poland, boma linafulumira kumwetsa ana mamiliyoni ayodini wabwino kuti chithokomiro chikhute, woipayo asowe polowera. Patangotha zaka zinayi kapena zisanu, madokotala ku Belarus anayamba kuona khansa imene kale ankangoimva. Bungwe la United Nations loona za cheza, la UNSCEAR, linawerenga anthu oposa 6,000 amene anapezeka nayo pofika 2005 mwa omwe anali ana kapena achinyamata pa nthawi ya ngoziyo. Ana obadwa patapita nthawi ngozi itachitika sanakhudzidwe motero, chifukwa mphamvu ya ayodini-131 imatsika ndi theka masiku 8 alionse.

Pa anthu oposa 6,000 amenewo, amene anali atamwalira nayo pofika 2005 anali 15.

Nambala imeneyi ndi imene ndimalakalaka kholo lililonse litaimva lisanayambe kulira. Khansa iyi mwa ana imabwera mwaukali. Pa timibulu ta m'chithokomiro cha mwana, pafupifupi kamodzi mwa tinayi kamakhala khansa, pomwe mwa akulu ndi kamodzi mwa 10 kapena kucheperapo. Ana ambiri amafika itafalikira kale ku anabere a m'khosi, ena mpaka ku mapapo. Ikanakhala khansa ina, tikanayamba kukonzekeretsa banja. Koma pa mtundu wa papillary, womwe ndi pafupifupi 9 mwa 10 alionse mwa ana, oposa 95 mwa 100 amapulumuka n'kukula. Mayi akandifunsa kuti, "Adokotala, poti yafika m'mapapo, ndiye kuti basi?" ndimayankha kuti, "Ayi mayi, ulendo ndi wautali, koma mwanayu tikuyembekeza kuti adzakuikani ndi iyeyu."

Kwa ana ambiri sitipeza chomwe chayambitsa. Imakonda atsikana otha msinkhu kuposa anyamata. Amene analandirapo chithandizo cha cheza m'khosi pochiza khansa ina timawayang'anira mwapadera. Palinso mtundu wosowa wa medullary, woyenda m'magazi a kubanja kudzera mu jini ya RET. Umenewo tikaupeza timayeza abale onse. Ekisileyi ya pachifuwa imodzi musaiope, cheza chake n'chochepa zedi.

Kuyeza kwake si kovuta: sikani ya pakhosi, kenako kasingano koonda kotengera maselo ochepa kuti akaunikidwe ku labu. Ikatsimikizika, timachotsa chithokomiro, kawirikawiri chonse, pamodzi ndi anabere okhudzidwa. Apa ndi pomwe thukuta limatuluka. Kuseri kwa chithokomiro kumadutsa mtsempha woyendetsa mawu, mbali iyi umodzi, mbali inayo umodzi. Ukavulala umodzi, mawu amasasa; ikavulala yonse, kupuma kumavuta. Pomwepo palinso tiziwalo tinayi tating'ono kwambiri toyang'anira kashiamu m'magazi, tosavuta kutisokoneza ndi mafuta. N'chifukwa chake m'mawa mwake sindiyamba ndi kuona bala. Ndimati, "Iwe, tatchula dzina lako," kuti ndimve mawu, kenako ndimafunsa ngati milomo kapena zala zikuchita dzanzi. Opaleshoni iyi njofunika dokotala woizolowera, ndipo kholo lisachite manyazi kufunsa zimenezo.

Tsono dyera lija limatithandiza. Maselo a khansayi, ngakhale athawire ku mapapo, ambiri sasiya khalidwe lakwawo lotola ayodini. Kwa mwana amene yafalikira, timayamba tawasowetsa ayodini kwa masabata angapo, kenako mwanayo amamwa ayodini-131 yemwe uja wa ku Chernobyl, koma woyezedwa bwino. Ili ndi nyambo pa mbedza: selo likameza, lathera pomwepo. Njirayi inayamba m'ma 1940, ndipo ndiyo imachititsa kuti ana ambiri otere asafunike chemotherapy.

Ena amafunsa bwanji osangounika ana onse. Ine sindivomereza. Itachitika ngozi ya ku Fukushima mu 2011, dziko la Japan linaunika ana pafupifupi 300,000 ndipo linapeza timakhansa tambiri ting'onoting'ono. Akatswiri a UNSCEAR anaona kuti kuchulukako kunadza ndi kufufuza kwambiri, osati cheza. Khosi la mwana wopanda chotupa lisiyeni.

Chimene chimandivuta kwenikweni chimabwera pambuyo. Wopanda chithokomiro amamwa piritsi la levothyroxine tsiku ndi tsiku moyo wake wonse, m'mawa asanadye kanthu, ndi madzi okha. Phala la soya, mkaka ndi mapiritsi oonjezera magazi zimatchinga mankhwalawa, choncho azidikira mphindi zosachepera 30 asanadye, ndipo mapiritsi a magaziwo amwe patapita maola anayi. Akafika ku sekondale yogonera komweko, ambiri amaleka chifukwa akudzimva bwino kapena akuopa kusekedwa. Amabwerera atatupa nkhope, akuodzera m'kalasi, magiredi atatsika, aphunzitsi akuti ndi ulesi. Mtsikana wotere akadzakula akhoza kubereka bwinobwino, bola akangodziwa kuti waima abwere msanga, chifukwa mlingo wa mankhwala umayenera kukwezedwa m'masabata oyambirira omwewo.