Musanakumbe chipinda cha pansi, ganizirani kopita dothi

Munthu akabwera kwa ine ndi pulani ya nyumba yokhala ndi chipinda cha pansi pa nthaka, amafunsa mtengo wa simenti ndi zitsulo. Ine monga injiniya ndimayamba ndi funso lina: dothi lotuluka m'dzenjemo mudzaliika kuti?

Tiwerengere limodzi. Dzenje la mamita 10 m'litali, 8 m'lifupi ndi 2.5 kuya limatulutsa dothi lokwana ma cubic metre 200. Koma dothi likakumbidwa limafufuma chifukwa mpweya umalowa pakati pake, ndipo dongo limatha kuwonjezeka ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. 200 uja wasanduka 250. Tipa yonyamula ma cubic metre 10 iyenda maulendo 25, tisanawerengere mpata umene timasiya kuzungulira kuti amisiri apake phula kunja kwa khoma.

Dothili silofanana, ndipo kulisakaniza n'kutaya ndalama. La pamwamba, lakuda lija lokhala ndi mizu, timalipala kaye n'kuliunjika palokha. Pansi pa nyumba silithandiza chifukwa limawola n'kutsika, koma m'dimba ndi chuma. Katondo, lofiira la ku Lilongwe lija, limagwirana bwino ndipo timasungako lodzakwirira. Makande ndiye sindiwafuna pafupi ndi khoma. Mvula ikagwa amatupa n'kukankha khoma, chilimwe amauma n'kung'ambika. Amenewo achoke pamalopo.

N'chifukwa chake katapila asanafike timakumba maenje oyesera, kuti tione mitundu ya dothi ndi pamene madzi ali. Dzenje louma mu Okutobala likhoza kukhala chitsime mu Febuluwale. Kukumba kwenikweni kumayenera miyezi yopanda mvula, kuyambira Meyi. Mufunsenso a ESCOM ndi a bodi ya madzi kumene mawaya ndi mapaipi awo akudutsa.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi kugumuka kwa m'mbali mwa dzenje. Cubic metre imodzi ya dothi imalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka, nthawi zina kuposa. Ikamugwera munthu pachifuwa, sangapume, ngakhale mutu uli pamtunda. Ndipo dothi silichenjeza. Lamulo lathu pantchito ndi lakuti dzenje likapitirira mamita 1.2, mbali zake zisakhale zoongoka popanda chochirikiza. Malo akakhala aakulu timazipendeketsa kapena kuzidula ngati masitepe. Pakathina, makamaka mpanda wa neba ukakhala pafupi, timaika matabwa olimba kapena malata achitsulo ndi mizati yopingasa. Mulu wa dothi ukhale mita imodzi kapena kuposa kuchokera m'mphepete, chifukwa kulemera kwake n'kumene kumagwetsa mbali. Anyamata a piki ndi fosholo amakonda kutaya pafupi kuti asatope ndi wilibala, ndipo ndimawamvetsa, koma apa sindinyengerera.

Pamalo otsetsereka, monga m'mapiri a Blantyre, chipinda cha pansi chimabwera mosavuta chifukwa mbali imodzi imakhala poyera. Koma madzi onse ochokera kumtunda amadzaima kuseri kwa khoma linalo. Pamenepo timayala paipi yobooledwa m'munsi mwa maziko, kuikuta ndi miyala ya kwale, n'kuitulutsira kumunsi. Pokwirira timadikira konkire ilimbe ndi silabu ya pamwamba imange makoma, kenako timathira dothi masentimita 15 mpaka 20, kulinyowetsa pang'ono, kulitsendera, n'kuthiranso lina.