Kukongoletsa Cipupa ndi Mapositikhadi

Positikhadi ndi khadi lolimba limene anthu amatumiza pa positi. Kutsogolo kwake kumakhala cithunzi. Kumbuyo kwake munthu amalembako uthenga waufupi ndi adilesi, ndipo amamatako sitampa. Khadi ili silifuna envulopu ai.

Masiku ano anthu ambiri amatumizirana mauthenga pa foni. Makhadi akale amangokhala cabe m'katoni kapena m'sutikesi. M'menemo ciswe ndi mphemvu zingawaononge. Khadi likadyewa, mau a wacibale amene analilemba amatayika. Ndiye cifukwa cake mabanja ena amawacotsa m'katoni ndi kukongoletsa nao cipupa.

Makhadi a mu Zambia amaonetsa zinthu zokongola za dziko lathu. Ena ali ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, pa mtsinje wa Zambezi ku Livingstone. Ena ali ndi njovu ndi mvuu za ku South Luangwa. Enanso amaonetsa mwambo wa Nc'wala wa Angoni, umene umacitika mu Febuluwale ku Mtenguleni, pafupi ndi Chipata.

Pa nchito iyi pamafunika cingwe, misomali iwiri, nyundo, mapegi a zovala ndi kansalu kouma.

Coyamba, ana amapukuta fumbi pa makhadi ndi kansalu kaja. Sagwiritsa nchito madzi, cifukwa inki ingafufutike. Kenaka amaika makhadi m'magulu: a nyama paokha, a mitsinje paokha, a miyambo paokha.

Amai ndi atate amasankha cipupa cabwino. Cipupa cimene cimaombedwa ndi dzuwa sicabwino, cifukwa dzuwa limafwifwitsa zithunzi. Cimene cimanyowa mvula ikagwa naco sicabwino. Ngati nyumba ndi ya lendi, amayamba apempha eni nyumba asanakhome misomali.

Wamkulu ndiye amakhoma misomali ndi kumanga cingwe kuti cikungike bwino-bwino. Manje ana amapanika makhadi pa cingwe ndi mapegi, limodzi-limodzi. Sawamata ndi guluu ai. Guluu angabise uthenga wa kumbuyo, ndipo khadi lingang'ambike policotsa.

Nchito ikatha, banja lonse limakhala pansi kuyang'ana cipupa. Mwana amacotsa khadi limodzi ndi kuwerenga mokweza. Mwina amafunsa kuti, "Ambuye, analemba khadi ili ndani?" Ambuye amafotokoza za wacibaleyo ndi kumene anali kukhala. Motero ana amaphunzira kuwerenga, ndipo amadziwanso abale ao akutali.

Mafunso

1. Kodi kumbuyo kwa positikhadi kumakhala ciani?
2. Kodi mwambo wa Nc'wala umacitikira kuti?
3. N'cifukwa ciani ana samata makhadi ndi guluu?

Zocita

Dulani katoni kakang'ono. Jambulani cithunzi kutsogolo, ndipo kumbuyo lembani uthenga kwa ambuye anu.