Prado yayenda makilomita 300,000: ndani aigule?

Wofuna kugula galimoto yakale amayamba ndi funso limodzi: “Yayenda makilomita angati?” Mwini Prado akayankha kuti 300,000, ena amadula foni pomwepo, ena amayamba kunenerera asanaione n’komwe. Komatu galimoto zokoka ndi matayala onse anayi zikugulidwabe, ngakhale zitayenda chotere.

Chifukwa chake chili m’thumba. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n’kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kuitanitsa galimoto ku Japan, kudzera padoko la Dar es Salaam mpaka pachipata cha Songwe, kumalira madola omwe akusowa m’mabanki. Ikafika, msonkho wa MRA umakwera malinga ndi kukula kwa injini komanso zaka za galimotoyo. Choncho Prado, Hilux Surf kapena Pajero yomwe ili kale m’dziko muno, mapepala ake ali bwinobwino, siisowa woifunsa.

Oifuna si a m’tauni kwenikweni, poti iwo amaopa injini yomwa mafuta ambiri. Ndi mlimi wa fodya ku Kasungu, mpingo wokhala ndi nthambi kumidzi, kapena wonyamula alendo kuchoka ku Rumphi kukwera ku Nyika. Wogulitsa wochenjera amatsatsa msika wa fodya ukatsegulidwa, alimi ali ndi ndalama, kapena mvula ikayandikira, anthu akukumbukira matope a chaka chatha.

Ogula otere sabwera okha, amatenga makaniko wawo. Iye amafika m’mamawa n’kuyamba wagwira boneti. Ikakhala yofunda amadziwa kuti mwini wake waitenthetsa dala kuti ilire msanga. Amatsegula pothirira oyilo n’kusuzumira kuseri kwa chitsekerero. Akapezapo zoyera ngati chambiko, ndiye kuti madzi akusakanikirana ndi oyilo. Pa injini ya dizilo ya 1KZ, yomwe ili mu Prado ndi Surf zambiri zakale, chizindikiro chimenechi n’choopsa, chifukwa mutu wa injiniyi umang’ambika ikatentha kwambiri. Kenako amafunsa za timing belt, yomwe pa injiniyi imafunika kusintha pa makilomita 100,000 alionse. Akatero amayala katoni, n’kulowa kunsi ndi tochi kufufuza dzimbiri pachasisi ndi oyilo wodontha. Pomaliza amaiyendetsa mumsewu wafumbi kuti amve ngati matayala onse anayi akukokadi, poti galimoto yongoyenda patala imatha zaka giya yokokera matayala onsewo osaikhudza.

Apa m’pamene obweza nambala ya makilomita amagwidwira. Nambala inganene kuti 120,000, koma chiwongolero chosalala, mpando wa dalaivala wofwafwanika ndi labala yoperepeseka popondera buleki zimanena zina. Wogula akangogwira bodza limodzi, sakhulupiriranso kalikonse, ndipo mtengo umagwa kuposa mmene ukadagwera mwini wake akadanena zoona.

Chimene chimakweza mtengo ndi envulopu ya malisiti: tsiku lomwe adasintha oyilo, lamba wa injini, mabuleki, mashoko. Galimoto ya makilomita 300,000 yokhala ndi mbiri yolembedwa imapeza ndalama yabwino kuposa ya 180,000 yosadziwika komwe yadzera. Vuto lomwe lilipo ndi bwino kulinena nokha, n’kuchotseratu pamtengo ndalama yokonzera.

Mukangoika zithunzi pa Facebook kapena pa WhatsApp, oyamba kuimba ndi madobadoba. Ena amabweretsadi wogula, koma gwirizanani cholowa chawo zinthu zisanayambe, ndipo galimoto isachoke pakhomo popanda inu. Pa malipiro, uthenga wa pafoni kapena chithunzi cha lisiti ya kubanki si ndalama. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Makiyi ndi blue book ziperekedwe banki yanu ikatsimikiza kuti ndalama zalowa.

Ntchito imathera ku Road Traffic. Ambiri amangolemberana kalata, kugwirana chanza, n’kusiya galimoto ikuyenda m’dzina la mwini wakale mu kompyuta za MalTIS. Tsiku lomwe idzagunde munthu kapena kugwidwa ndi katundu wakuba, apolisi adzayamba ndi dzina limenelo. Pitani limodzi ndi wogula, COF ndi inshulansi zili zamoyo, ndipo musasiyane mpaka umwini utasinthidwa.