ZA LUSO PANSI PA NTHAKA MU MZINDA WA MOSCOW

Alendo ambiri ofika ku Moscow, likulu la dziko la Russia, amayamba kuona mzindawu mwa kutsikira pansi pa nthaka. Kumeneko kuli njanji, dzina lake Metro, imene sitima zake zimanyamula anthu mamiliyoni tsiku ndi tsiku.

Njanjiyi inatsegulidwa pa 15 May 1935, ili ndi masitesheni 13 pa mtunda wa makilomita 11. Boma la Soviet Union la masiku amenewo linafuna kuti masitesheniwo akongole ngati nyumba za mafumu, koma omangidwira anthu wamba, kuti wanchito wolawirira ku fakitale azidutsa pakati pa mizati ya nsangalabwi ndi pansi pa nyali zonyezimira.

Munthu akalipira polowera, amaima pa makwerero oyenda okha ndi kutsika ngati wolowa mu mgodi. Pa sitesheni ya Park Pobedy makwererowo ndi aatali mamita 126, ndipo mlendo wamantha amagwiritsa m'mbali mpaka kufika pansi.

Pa Ploshchad Revolyutsii, yotsegulidwa mu 1938, pali ziboliboli 76 za mkuwa zimene anakonza Matvey Manizer. Pali alimi, asilikali, ana a sukulu ndi mayi woweta nkhuku. Koma cimene anthu amakonda koposa ndi galu wa msilikali wolonda malire. Ophunzira amasisita mphuno yake asanalembe mayeso kuti apeze mwayi, kotero kuti mphunoyo inayera mbee ndipo ikutha pang'onopang'ono. Mkuwa ndi wolimba, koma manja acuruka.

Pa Mayakovskaya mlendo ayenera kuyang'ana kumwamba. Kudenga kuli zithunzi 34 zopangidwa ndi tizidutswa ta galasi ta mitundumitundu, zoonetsa thambo, ndege ndi nthambi za mitengo ya zipatso, kuti munthu aiwale kuti ali pansi pa nthaka. Anazijambula ndi Aleksandr Deyneka, ndipo amene analumikiza tizidutswato ndi mmisiri wa ku Leningrad, Vladimir Frolov, pamodzi ndi anchito ake.

Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse itafika ku Russia mu 1941, amayi ndi ana anali kugona m'masitesheni kuthawa mabomba a ndege za Germany. Pa 6 November caka comweco, adani ali pafupi ndi mzinda, mtsogoleri Joseph Stalin anacititsa msonkhano waukulu pa Mayakovskaya pomwepo.

Nthawi yonseyi Frolov anali ku Leningrad, mzinda umene adani anauzinga mpaka cakudya cinatha. Nkhalambayo sinaleke nchito. M'nyumba yozizira koopsa, mimba ili pululu, inatsiriza zithunzi zina za Metro, ndipo inamwalira ndi njala mu 1942. Zithunzizo zinatulutsidwa mu mzinda wozingidwawo, ndipo zinaikidwa kudenga kwa sitesheni ya Novokuznetskaya imene inatsegulidwa mu 1943. Zimaonetsa masiku a mtendere: anthu akuthyola zipatso, akumanga nyumba, akucita masewera. Ambiri odutsa pamenepo ali pa liwiro la ku nchito, sakweza maso n'komwe.

Zipupa za Metro zimasonyezanso mmene maufumu amasinthira. Stalin atamwalira mu 1953, olamulira atsopano anacotsa nkhope yake pa zithunzi zambiri, ndipo mu 1955 analetsa kukongoletsa nyumba mopambanitsa, ati kunali kuononga cuma. N'cifukwa cake masitesheni omangidwa m'zaka zotsatira alibe zokometsera zambiri.

Wotuluka pa Novokuznetskaya akhoza kuyenda pansi kukafika ku Tretyakov Gallery, nyumba yoonetseramo zithunzi zojambula pamanja. Wamalonda Pavel Tretyakov anayamba kugula zithunzi mu 1856, ndipo mu 1892 anazipereka zonse kwa mzinda wa Moscow monga mphatso. Anthu amaunjikana pa cithunzi cimene Ilya Repin anatsiriza mu 1885, coonetsa mfumu Ivan itakumbatira mwana wake wokha magazi, amene iyo yomwe inamukantha ndi ndodo itapsa mtima. Cithunzici cimavutitsa mitima ya ena: mu 1913 munthu wina anacing'amba ndi mpeni, ndipo mu 2018 wina anacimenya ndi citsulo, kotero kuti amisiri anatha zaka akucikonzanso.