WOFUNA KUIMBA PA KANEMA AYAMBE WADZIWA ZA MAYESO

Acinyamata ambiri a m'midzi amene amatsogolera nyimbo m'makwaya, pa maukwati ndi pa maliro, amadzifunsa ngati mau ao angawafikitse pa wailesi ya kanema monga anzao amene amawaona akupikisana. Khomo lake ndi lotseguka ndithu, pakuti mipikisano imeneyi inakonzedwera anthu wamba amene sanapite ku sukulu ya nyimbo. Koma asanafike pamaso pa oonerera, munthu aliyense amayamba wapyola pa mayeso, ndipo pamenepa ndi pamene ambiri amabwerera, ena a iwo ali ndi mau okoma kopambana.

Mipikisano ya mtundu umenewu inachuka kwambiri kuyambira m'caka ca 2001, pamene ku Britain kunayambika wina wochedwa Pop Idol. Caka cotsatira, ca 2002, unafika ku America ndi dzina lakuti American Idol, ndipo woyamba kupambana anali Kelly Clarkson, mtsikana wa ku Texas amene kale anali kugwira nchito yoperekera zakudya ndi zakumwa. M'caka comweco dziko la South Africa linayambitsa wake wochedwa Idols, umene unacitika kufikira 2023.

Nalo dziko la Zambia linalawako ulemu umenewu. M'caka ca 2004 mtsikana wa dziko lino, Lindiwe Alam, anapambana mpikisano wa Project Fame umene unacitikira ku South Africa, pakati pa acinyamata a maiko osiyanasiyana a mu Africa. Opikisanawo anali kukhala m'nyumba imodzi, kuphunzitsidwa kuimba ndi kuvina, ndipo anali kucotsedwa pang'onopang'ono kufikira atatsala mmodzi.

ZIMENE KANEMA SAONETSA

Oonerera amaona munthu akulowa m'cipinda, kuimba pamaso pa oweruza atatu kapena anai, ndi kuturuka akusekera kapena akulira. Zimenezi ndi kacigawo kocepa cabe ka ulendo wonse. Pa tsiku loyamba anthu zikwi amafola pa mzere kuyambira mbandakuca, ena atagona pomwepo. Aliyense amalembetsa dzina lake, amaonetsa citupa cotsimikiza zaka zake, ndipo amapatsidwa nambala yomata pa cifuwa. Zaka zimenezi amazisamala kwambiri: pamene American Idol inayamba, inali kulandira okhao a zaka 16 kufikira 24.

Oyamba kumva woimbayo si oweruza ochuka aja ai. Ndi anchito a kampani yokonza pologalamu, amene amamva anthu mazanamazana pa tsiku limodzi. Pamenepo palibe gitala, palibe ng'oma, palibenso anzake a m'kwaya omuvomereza. Munthu amaimba ndi mau ake okha, ndipo kawirikawiri amamuimitsa mphindi imodzi isanathe. Ocepa amene asankhidwa amaitanidwanso kawiri kapena katatu, ndipo pambuyo pake ndi pamene amakaonekera kwa oweruza ndi makina ojambula.

Makolo ndi ana ao ayenera kudziwanso kuti okonza pologalamu amafuna zinthu ziwiri: oimba bwino, ndi zoseketsa anthu. Cifukwa cace nthawi zina amalowetsa dala munthu wosadziwa kuimba kuti dziko limuseke. Mu Idols ya ku South Africa munali ngakhale mphoto yacipongwe, yochedwa Wooden Mic, ya amene anaimba moipa koposa. Cotero kuuzidwa kuti wapyola pa mayeso oyamba si umboni wokwanira wakuti munthu ali ndi luso. Ndi cinthu canzeru kuti asananyamuke pa mudzi ayambe waimbira munthu wosamunyengerera, monga mphunzitsi wa nyimbo kapena mtsogoleri wa kwaya ya mpingo wina, popeza mai wake ndi abwenzi ake adzamuyamikira ngakhale mau atasokera.

MAI WA ZAKA 47

Nkhani imene imalimbitsa mitima ya oimba a kumudzi ndi ya Susan Boyle wa ku Blackburn, kamudzi ka ku Scotland. Mai ameneyu anali ndi zaka 47, sanali pa nchito, ndipo anali atatha zaka zambiri akusamala amai ake okalamba kufikira pamene anamwalira mu 2007. Anali kuimba m'kwaya ya chalichi ca Katolika ca kwao.

Mu January 2009 anapita ku Glasgow kukayesedwa mu mpikisano wa Britain's Got Talent. Ataimirira pa bwalo, anthu ena anayamba kumuseka poona maonekedwe ake ndi kabvalidwe kake. Koma atangotsegula pakamwa kuimba nyimbo yochedwa I Dreamed a Dream, oseka aja anaimirira ndi kuomba m'manja, ndipo oweruza onse atatu, Simon Cowell, Amanda Holden ndi Piers Morgan, anamulola kupitirira. Mayesowo anaonetsedwa pa kanema pa 11 April 2009, ndipo m'masiku owerengeka dzina lake linamveka pa dziko lonse.

Anthu ambiri posimba nkhaniyi amaiwala mbali ziwiri. Yoyamba ndi yakuti Susan Boyle sanadzuke m'mawa ndi kuyamba kuimba. Anali ataimba zaka zambirimbiri, anali ataphunzirako kwa mphunzitsi wa mau, ndipo anasankha nyimbo imene anali kuidziwa bwino lomwe. Yaciwiri ndi yakuti sanapambane mpikisanowo: pa tsiku lotsiriza, mu May 2009, anakhala waciwiri, kumbuyo kwa gulu la ovina lochedwa Diversity, ndipo pambuyo pake anagonekedwa m'cipatala masiku angapo cifukwa ca kutopa ndi kupsinjika mtima. Kuchuka kwadzidzidzi ndi katundu wolemera. Komabe cimbale cake coyamba, cimene cinaturuka mu November 2009, cinakhala patsogolo pa zimbale zonse ku Britain ndi ku America.

KUSANKHA NYIMBO

Colakwa cacikuru ca oyamba kumene ndi kusankha nyimbo ya woimba wochuka imene imakwera pamwamba kuposa pamene mau ao angafike, poganiza kuti oweruza adzadabwa. Mantha akagwira munthu, mpweya umacepa, ndipo malo okwera aja ndi amene mau amathyokera. Nyimbo yabwino ya pa mayeso ndi imene munthu angaiimbe atangodzuka, osaiwala liu ndi limodzi lomwe. Ayeneranso kukonzekera yaciwiri, pakuti oyesa amatha kumuuza kuti aimbe ina.

Popeza nthawi ndi yocepa, si bwino kuyambira pa ciyambi ca nyimbo pamene mau amangoyenda pansi. Ayambire pamene pali mtima wa nyimboyo. Kutsanzira kaimbidwe ka munthu wina nako sikupindula, cifukwa oweruza mwini nyimboyo anamumva kale. Cimene akufuna ndi kumva mau atsopano.

Woimba wa m'kwaya ali ndi bvuto lake lapadera. Iye anazolowera kutsamira pa anzake, ndipo akatsala yekha amayamba pamwamba kwambiri kapena kuthamanga. Mankhwala ake ndi kuyeseza yekha pamaso pa anthu, kapena kudzijambula ndi foni ndi kudzimvera. Koma alinso ndi mwai umene ena alibe. Mtsikana amene anakulira pa cimtali ndi pa citelele, kapena mnyamata wozolowera kutsogolera nyimbo pa bwalo popanda zokuzira mau, amadziwa kale kuponya mau patali ndi kusunga kayendedwe ka nyimbo.

Usiku wotsatizana ndi tsiku la mayeso ayenera kugona mokwanira, kumwa madzi, ndi kupewa kupfuula, fodya ndi mowa. Pa mzere anyamule kamba ndi cobvala ca mphepo, pakuti kudikira kumatha kufika madzulo.

NDARAMA NDI MAPEPALA

Mayeso otere amacitikira m'mizinda ikuruikuru. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka pali mtunda wa makilomita oposa 550, ndipo woyenda afunika ndarama ya basi yopita ndi yobwerera, cakudya ndi malo ogona. Banja liyenera kuwerengera zonsezi monga ndarama imene mwina sidzabwerera. Kugulitsa mbuzi yosungira sukulu ya ana, kapena cimanga ca m'nkhokwe, cifukwa ca mayeso a mphindi imodzi ndi kuika banja lonse pa ngozi. Masiku ano mipikisano yambiri imalola munthu kutumiza kanema wojambulidwa pa foni, ndipo njira imeneyi imapulumutsa ndarama ya ulendo woyamba.

Safunsa anadya phula. Pali akathyali amene amalengeza mayeso abodza, kulandira ndarama za kulembetsa, ndi kuzimirira. Ena amalonjeza atsikana malo mu mpikisano pofuna kuwacita zoipa. Mpikisano weniweni umalengezedwa poyera ndi nyumba ya kanema yodziwika, ndipo mayeso ake sacitikira m'cipinda cogona ca munthu. Mtsikana apite ndi mbale wake wamkuru, ndipo mwana wa sukulu asataye mayeso a kalasi cifukwa ca mayeso a nyimbo.

Asanajambulidwe, woimba amapatsidwa mapepala oti asaine. Mapepalawo amapatsa kampani mphamvu yoonetsa nkhope yake ndi mau ake monga ifunira, ngakhale pamene walakwitsa, ndipo ena amamanga wopambana kuti agwire nchito ndi kampani imodzi kwa nthawi yoikika. Wosadziwa bwino Cingerezi apemphe munthu wokhulupirika kuti amumasulire mzere uliwonse asanaike dzina lake.

KUKANIDWA

Pa anthu zikwi amene amafola pa mzere, wopambana amakhala mmodzi. Otsalawo amabwerera kwao, ndipo ena amacita manyazi kufikira kuleka kuimba. Amenewa akumbukire Jennifer Hudson, amene anacotsedwa mu American Idol mu 2004 ali pa nambala 7, koma mu 2007 analandira mphoto ya Oscar cifukwa ca kuimba ndi kusewera kwake mu filimu ya Dreamgirls. Oweruza amaweruza zimene amva pa tsiku limodzi lokha, munthu ali ndi mantha ndiponso atatopa ndi ulendo.

Udindo wa makolo ndi a mpingo ndi kulandira bwino mwana wobwerera wopanda kanthu, ndi kumubwezera malo ake m'kwaya. Iye waona mzinda, waimirira yekha pamaso pa alendo, ndipo tsopano adziwa pamene mau ake amafooka. Akafuna kuyesanso caka cina, adzapita atakonzeka kuposa poyamba.